Funsani Aphunzitsi: Kodi chipolopolo chingamunyamule munthu?

Makalata atatu a mwezi uno achokera kumalo otalikirana, koma onse akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiye ndawaika pamodzi. Amene mtima wanu sugwirizana ndi nkhani za magazi mundikhululukire. Ndiyesetsa kuti manambala achuluke kuposa mabala.

Aphunzitsi, ine ndimaonetsa mafilimu pa kanyumba ka vidiyo kuno kwathu. M'mafilimu munthu akawomberedwa amauluka chagada, nthawi zina mpaka kuswa zenera. Mnzanga amene anagwirapo ntchito ya ulonda akuti ndi bodza, ine ndikuti mfuti yaikulu ngati AK-47 ingathe. Tabetcherana mbale ya kanyenya. Tiweruzeni. (Mnyamata wa ku Ndirande, Blantyre)

Achimwene, kaguleni kanyenyayo. Mnzanuyo wawina.

Mlanduwu ndi wa samu basi. Chinthu choyenda chikagunda chinzake chimabwera ndi mphamvu yokankha, imene a fizikisi amaitchula kuti momentum, ndipo timaipeza pochulukitsa kulemera kwa chinthucho ndi liwiro lake. Chipolopolo cha AK-47 chimalemera magalamu 8 ndipo chimatuluka pakamwa pa mfuti pa liwiro la mamita pafupifupi 715 pa sekondi. Chulukitsani makilogalamu 0.008 ndi 715, mupeza 5.7. Nambalayi muisunge.

Tsopano tengani bambo wa makilogalamu 70. Tiyerekeze kuti chipolopolocho chatsakamira m'thupi mwake osatulukira kuseri, kutanthauza kuti chamusiyira mphamvu yake yonse yokankha. Gawani 5.7 ndi 70. Bamboyo akankhidwa pa liwiro la masentimita 8 pa sekondi. Munthu woyenda mosathamangira kulikonse amadula mita ndi kanthu pa sekondi, ndiye mukuona nokha kuti masentimita 8 ndi kugwedezeka chabe, nsapato sizingachoke n'komwe pamene zaponda. Komanso apa ndachikondera chipolopolocho, chifukwa cha mfuti yaikulu nthawi zambiri chimabooleza n'kupitirira ndi gawo la mphamvu yake.

Kuti bambo yemweyo auluke chagada monga amachitira pa sikirini yanuyo, tinene pa mamita 3 pa sekondi, pafunika 210. Ndi zipolopolo 37 zomufikira pa kamodzi, zonse n'kutsakamira. Magazini ya AK-47 imanyamula 30.

Mpira wamiyendo umalemera magalamu pafupifupi 430. Wosewera wa mwendo wolimba akamenya penate, mpirawo umafika mamita 30 pa sekondi, ndiye mphamvu yake yokankha ndi pafupifupi 13, kuposa kawiri ya chipolopolo chija. Munaonapo goloboyi atagwira mpira pachifuwa n'kuuluka nawo mpaka muukonde?

Palinso lamulo lachitatu la Isaac Newton, lomwe analilemba mu 1687. Mfuti ikakankha chipolopolo kutsogolo, nayo imakankhidwa m'mbuyo mofanana, ndipo phewa la wowomberayo ndi limene limalandira. Iyeyo amalandira zochulukirapo, poti mpweya wa onga nawo umatuluka mothamanga. Chipolopolo chikanakhala chonyamula munthu, woyamba kuuluka akanakhala mwini mfuti.

Mufunsa kuti nanga chimapha bwanji chinthu cholephera ngakhale kumusuntha munthu. Pamenepa pali muyeso wina, wa mphamvu yowononga, imene timayesa m'ma joule. Powerengera muyeso umenewu liwiro limalowa kawiri: theka la kulemera, kuchulukitsa ndi liwiro, kuchulukitsanso ndi liwiro. Mpira uja sufika ma joule 200. Chipolopolo chili ndi oposa 2,000, ndipo onsewo amalowera pa kamalo ka mamilimita 7.62 m'lifupi. Mphamvu imeneyi imathera pa kung'amba mnofu, kuswa fupa ndi kuphwanya chipolopolo chenichenicho. Yopita ku kusuntha thupi lonse ndi kadontho.

Izi si zatsopano. Mu 1742 Mngelezi wina, Benjamin Robins, anapachika chithabwa cholemera kuti chizilendewera, n'kumachiwombera, ndipo poyesa mmene chagwedezekera ankadziwa liwiro la chipolopolo. Ndili pantchito ku sekondale ndinkachita zomwezi ndi ana a Fomu 3, kungoti ife mfuti yathu inali legeni: chibuma cha dothi lonyowa pa chingwe, kamwala n'kumatirira m'dothimo, rula pambali. Anyamata amene ankadzitama kuti sakuphonya njiwa ankakhumudwa kuona chibumacho chikungosuntha masentimita ochepa. Ku America, Richard Davis, amene ankapanga zovala zoteteza ku zipolopolo m'zaka za m'ma 1970, ankadziwombera yekha pamimba ndi pisitolo atavala chovalacho, pamaso pa apolisi amene ankafuna kuwagulitsa. Sankauluka. A pulogalamu ya pa TV ya MythBusters nawo anapachika nkhumba yakufa n'kuiwombera ndi mfuti zosiyanasiyana, koma sinaponyedwe m'mbuyo.

Za m'mafilimuzo ndi zingwe. Wosewerayo amavala lamba mkati mwa malaya, anzake amamukoka kumbuyo, ndipo chingwecho amachifufuta pa kompyuta. Musawauze makasitomala anu, angasiye kubwera.

Aphunzitsi, ndaonera pa YouTube kanema wa kuphedwa kwa John F. Kennedy, amene anali pulezidenti wa America. Boma la America linati anawomberedwa kuchokera kumbuyo, koma aliyense akuona kuti mutu ndi thupi zikubwerera m'mbuyo ndi kumanzere. Chinthu ukachimenya kumbuyo chimapita kutsogolo. Kodi uwu si umboni woti panali wina amene anawombera kuchokera kutsogolo? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Bambo, funso lanuli lasowetsa tulo anthu ophunzira kuposa ine kwa zaka zoposa 50, ndiye tiyende nalo pang'onopang'ono.

Pa 22 November 1963 Kennedy anali m'galimoto yopanda denga, ikudutsa pa Dealey Plaza mumzinda wa Dallas. Bambo wina wopanga zovala za amayi, Abraham Zapruder, anajambula ndi kamera yake ya Bell & Howell kanema wa masekondi 26. Kamerayo inkatola zithunzi 18.3 pa sekondi, ndipo nambalayi ndi yofunika kwambiri chifukwa imasandutsa kanemayo kukhala wotchi. Chithunzi chilichonse chinapatsidwa nambala. Chipolopolo cha kumutu chikuoneka pa chithunzi 313. Komiti ya Warren, imene boma linakhazikitsa kuti ifufuze za imfayi, inati mu 1964 kuti anawombera ndi Lee Harvey Oswald ali pa nsanja yachisanu ndi chimodzi ya nyumba yosungiramo mabuku a sukulu, kumbuyo kwa galimoto, pa mtunda wa mamita pafupifupi 81. Anthu wamba a ku America anauona kanemayu ukuyenda pa TV ya dziko lonse mu March 1975, ndipo ambiri anafunsa ndendende zomwe mwafunsazi.

Choyamba chimene maso saona pa YouTube ndi ichi: pakati pa chithunzi 312 ndi 313 mutu ukupita kutsogolo, masentimita pafupifupi 5. Kubwerera m'mbuyo kukuyamba pambuyo pake ndipo kukutenga pafupifupi theka la sekondi. Diso limagwira kwachiwiriko chifukwa ndi kwakukulu komanso kochedwa, koyambako kumatha usanaphethire.

Tiyese samu yathu ija. Chipolopolo cha mfuti ya Carcano, imene komitiyo inati Oswald anawombera nayo, chinali cha magalamu 10.4, ndipo pa mtunda umenewo chinali chikuthamanga mamita pafupifupi 580 pa sekondi. Mphamvu yokankha ndi 6. Mutu wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 5, ndipo umatha kuwerama pakhosi thupi lonse lisanatsatire. Gawani 6 ndi 5, mupeza mamita 1.2 pa sekondi. Chithunzi chimodzi ndi masekondi 0.055, choncho mutu ungasunthe masentimita osapitirira 6 kapena 7. Oyesa anapeza 5. Ine ndikaona samu ya pa envulopu ikugwirizana chotere ndi zimene kamera inajambula, ndimakhala tcheru.

Nanga kubwerera m'mbuyo kuja? Apa ndi pamene ndimasiyana nanu. Chimene chikubwerera si mutu wokha, ndi mapewa ndi chifuwa chomwe, makilogalamu makumi angapo. Chipolopolo chochokera kutsogolo, ngakhale chitakhalapo, chikanabwera ndi 6 kapena 7 yemweyo, ndipo taona kale kuti nambala yotere siponya thupi. Komanso chipolopolo chimakankha kamodzi, m'kanthawi kosakwana chithunzi chimodzi, n'kutha. Kusuntha kumene kukupitirira kwa zithunzi zingapo kukufuna china chimene chikukankhabe. Ndiye kaya mumakhulupirira Oswald yekha kaya mumakhulupirira zimene ena amanena zoti panali wowombera wina pa kachitunda kaudzu kamene kanali kutsogolo chakumanja kwa galimoto, kubwerera m'mbuyoko muyenera kukufunira chifukwa china.

Zifukwa zomwe zaperekedwa ndi ziwiri. Choyamba chinachokera kwa Luis Alvarez, katswiri wa fizikisi amene analandira mphoto ya Nobel mu 1968. Iye anati chinthu cha chikamba cholimba chodzaza ndi zofewa, chikabooledwa n'kulavula zamkati kutsogolo mothamanga, chotsalacho chimakankhidwa m'mbuyo, kulunjika kumene kuli mfuti, monga mmene roketi imayendera. Anzake anamuuza kuti aonetse. Anakulunga mavwende ndi tepi yolimba n'kuwawombera, ndipo 6 mwa 7 anabwerera chakumfuti. Analemba zimenezi mu 1976 m'magazini ya American Journal of Physics.

Poyamba zimamveka ngati matsenga, kuti zotulukazo zinganyamule mphamvu yokankha yoposa imene chipolopolo chinabweretsa. Koma onani. Chipolopolo chija chili ndi ma joule pafupifupi 1,750. Tiyerekeze kuti 200 okha apita ku magalamu 200 a zamkati mwa vwende. Zamkatizo zituluka pa mamita 45 pa sekondi, ndipo 0.2 kuchulukitsa ndi 45 ndi 9. Chipolopolo chinabweretsa 6, zotuluka zanyamula 9 kulowera kutsogolo. Buku la akaunti liyenera kukwanira, ndiye vwende lotsalalo libwerera m'mbuyo ndi 3. Palibe lamulo la Newton lomwe lathyoledwa.

Koma Alvarez sindimuwombera m'manja onse awiri. Josiah Thompson, amene wakhala akutsutsa zomwe boma linanena kuyambira mu 1967, anadzaona zithunzi za mayesowo n'kupeza kuti zipolopolo zomwe zinagwiritsidwa ntchito zinali za mphuno yofewa, zosakira nyama, zothamanga kuposa za Carcano, komanso kuti zinthu zina zomwe anawombera zinapita kutsogolo koma sizinatchulidwe mokwanira m'nkhani ija. Wophunzira wanga akanandibweretsera lipoti lotere ndikanamuchotsera mamalikisi. Vwende laonetsa kuti chinthucho ndi chotheka. Silinaonetse kuti ndi chimene chinachitika ku Dallas, ndipo vwende lilibe khosi.

Chifukwa chachiwiri ndi cha thupi lenilenilo. Ubongo ukaphwanyika mwadzidzidzi, mitsempha imatumiza uthenga wosokonekera ku minofu yonse nthawi imodzi, ndipo yonse imakokana. Minofu ya kumsana ndi yamphamvu kuposa ya kumimba, ndiye imapambana, thupi n'kupindikira chagada. Larry Sturdivan, amene ankafufuza za mabala a zipolopolo kumbali ya asilikali a America, anaonetsa komiti ya aphungu mu 1978 kanema wa mbuzi yowomberedwa m'mutu: miyendo ikutambasuka, msana ukupindika, m'kanthawi kochepa zedi. Mphamvu imeneyi siichokera ku chipolopolo, ikuchokera ku nsima ya dzulo, titero kunena kwake, ndipo ilibe nazo ntchito zoti chipolopolo chachokera mbali iti. Kennedy analinso atavala lamba wolimba wa msana chifukwa cha vuto lake la msana, ndipo ena amati nayenso anathandiza kumubweza.

Mu 2018 wasayansi wina, Nicholas Nalli, anaika zonsezi m'masamu n'kusindikiza m'magazini ya Heliyon. Anatenga kulemera ndi liwiro la chipolopolo, liwiro la kamera ndi miyeso ya madokotala amene anapima mtembo. Anapeza kuti kupita kutsogolo kuja kukugwirizana ndi chipolopolo chochokera kumbuyo, kuti kulavula kwa Alvarez kukufotokoza kuima kwa mutu ndi chiyambi cha kubwerera, koma kuti kubwerera konse kwa thupi kukufunikanso kukokana kwa minofu. Ntchito ndi yabwino, koma masamu otere amakubwezera zomwe wawadyetsa. Palibe anayesa pa sikelo zimene zinatuluka m'bala, kapena liwiro lake. Nambala zimenezo wowerengera amachita kuziyerekeza. Ndipo Thompson anadzati ngakhale masentimita 5 aja ndi kugwedezeka kwa dzanja la Zapruder, osati kwa mutu. Mukuona pamene mkanganowu wafika: pa kachidutswa ka filimu ka mamilimita 8 m'lifupi.

Maganizo anga ndi awa. Kubwerera m'mbuyo si umboni wa wowombera wa kutsogolo, chifukwa chipolopolo sichingathe kugwira ntchito imeneyo kuchokera mbali iliyonse. Umboni wolemera uli pa fupa ndi pa zidutswa za chipolopolo, ndipo madokotala ambiri a komiti ya aphungu ija, imene inatulutsa lipoti mu 1979, anati bala la kumutu linalowera kumbuyo. Komiti yomweyo inanenanso kuti mwina panali chiwembu cha anthu angapo, potengera mawu ojambulidwa pa wailesi ya apolisi, koma mu 1982 bungwe la National Academy of Sciences linakana umboni wa mawuwo. Za amene anatuma ndani, zimenezo kafunseni a mbiri. Rula yanga siifika kumeneko.

Aphunzitsi, mphwanga anawomberedwa ndi achifwamba usiku pa golosale yake, tinamupeza atagona chafufumimba pakhomo. Ena pamaliro ankati ndiye kuti ankathawa n'kumuwombera kumsana, ena ankati ayi. Kodi mmene munthu wagwera zimasonyeza kumene chipolopolo chachokera? (Mayi wa ku Kasungu)

Pepani kwambiri mayi, Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi banja lonse.

Ayi, sizisonyeza. Munthu wowomberedwa amagwa chifukwa thupi lasiya kudzigwira, ndipo amagwera kumene anali atapendekera kale. Chipolopolo chikakhudza ubongo kapena fupa la msana, miyendo imalefuka pomwepo ndipo amangoti khwefu pansi pamene waimapo, nthawi zambiri chakutsogolo chifukwa mawondo amapindikira konko. Chikathyola fupa la mwendo kapena la m'chiuno, amagwera mbali yothyokayo. Chikaboola mtima kapena mtsempha waukulu wa magazi, ubongo umakhalabe ndi mpweya wokwana masekondi 10 mpaka 15. Pa nthawi imeneyo munthu angathe kutembenuka, kuthamanga mamita makumi angapo, ngakhale kutseka chitseko. Enanso amadzigwetsa okha ndi mantha bala lisanawafooketse. Choncho mphwanuyo akanatha kuwomberedwa pachifuwa akuyang'anizana nawo, n'kutembenuka kuti alowe m'nyumba, n'kugwa chafufumimba pakhomopo. Akanathanso kuwomberedwa kumsana. Kagonedwe kokha sikangasiyanitse ziwirizi, ndipo a pamaliro aja onse ankangoganiza.

Wosiyanitsa ndi dokotala wopima mtembo. Bala lolowera nthawi zambiri limakhala laling'ono, lozungulira, lokhala ndi kamzere kokhulika m'mphepete pamene chipolopolo chinapukuta khungu polowa. Lotulukira limakhala long'ambika mosalongosoka ndipo kawirikawiri lilibe kamzereko. Ambiri amati lalikulu ndilo lotulukira basi, koma si nthawi zonse. Mfuti ikagunditsidwa pakhungu, makamaka pamutu, mpweya wa onga umang'amba bala lolowera kukhala lalikulu. Pa fupa lafulati ngati chigaza, bowo limatambasukira mbali imene chipolopolo chikupita, laling'ono polowera, lotakasuka potulukira, ndipo umboni uwu suwola msanga. Mwaye wakuda pakhungu kapena pa malaya umasonyeza kuti mfuti inali pafupi kwambiri, timadontho ta onga timasonyeza kuti inali chapatali pang'ono, ndipo kupitirira mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono zonsezi sizionekanso.

Ngati mtembo unapimidwa, lipoti lake lilipo, ndipo a m'banja mungathe kufunsa kwa wapolisi amene akufufuza mlanduwo kuti akuuzeni zomwe dokotala analemba za bala lolowera. Ngati malaya amene anavala usiku umenewo akadali kwa inu, musawachape ndipo musawatenthe. Ayanikeni pamthunzi aume, muwakulunge m'pepala loyera kapena muwaike mu envulopu yaikulu, osati m'jumbo, chifukwa m'pulasitiki magazi amachita nkhungu. Mukatero kawapatseni apolisi, ndipo akulembereni kapepala kosonyeza kuti alandira.